Ndime Imene Yotamu Sanamalize

Yotamu analota masana, dzuwa lili paliwombo, atagona mumthunzi wa ngolo kuseri kwa khola la apongozi ake. Linali tsiku loti amusudzule. Mkazi wake, Nachisale, anamwalira chilimwe chathacho, ndipo abale anapangana kuti tsikulo akhale pansi, am'masule mkamwiniyo kuti aone kolowera. Akuluakulu a kwawo kwa Yotamu anachedwa m'njira, iye n'kutsamira tayala la ngolo, tulo n'kumutenga.

Analota ali m'dziko la masewero a pa kompyuta ya mlamu wake Fanuwelo, ndipo sanadabwe. Dzikolo ankalidziwa ngati munda wake. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, ankakhala atatu pa benchi m'kanyumba kamene Fanuwelo amatchajiramo mafoni a anthu ndi sola, n'kumapatsirana kompyutayo pamiyendo. Anali mbali imodzi, Fanuwelo, Nachisale ndi iye, kulimbana ndi anthu a mbendera yofiira amene kompyuta inkawayendetsa yokha. Masewerowo sanali othamangitsana. Aliyense ankayendetsa anthu ake anzake akudikira, ndipo akamaliza ankapereka kwa wotsatira. Iwo ankati imeneyo ndi ndime, monga kumunda. Ankayamba Fanuwelo, kenako Nachisale, Yotamu n'kutsekera. Yotamu akamaliza ndime yake m'pamene dziko lonse linkasuntha kamodzi.

Aliyense anali ndi kaseweredwe kake. Fanuwelo akangopeza asilikali awiri ankati nkhondo yakwana, n'kuwathamangitsira kwa adani. Nachisale sankasamala za nkhondo kapena kumanga. Ankatenga munthu mmodzi wozonda, wa kathumba kumsana, n'kumapita naye kumene dziko linali lophimbika ndi nkhungu, pakuti m'masewerowo malo amene simunafikeko saoneka. Chimene wozonda wake waona, onse atatu ankachiona, chifukwa a mbali imodzi amakhala ndi maso amodzi. Yotamu ankamanga. Ankamanga nkhokwe, zitsime ndi linga la mitengo, kenako linga lina kunja kwa loyambalo. Sanatayepo munthu, ndipo sanapitepo kulikonse.

Tsopano dzikolo sankaliona pagalasi. Anaimamo ndi mapazi ake, m'kati mwa linga lake. Nthaka inali yodulidwa m'mabedi ofanana ngati a kudimba, mizere yake yowongoka ikudutsa m'madambo, kukwera zitunda, kutsikira kuseri. Ndipo palibe chimene chinkayenda. Utsi wa pa nyumba ina unaima m'mwamba ngati mtengo wouma. Khwangwala anali pakati pa mlengalenga, mapiko ali tambasu, osagwa, osapita. Apongozi ake aakazi anali pachitsime akukhuthulira madzi mu ndowa, ndipo madziwo anapindika kuchoka pa chitini kukafika pa ndowayo, ali gwa ngati nyanga ya ng'ombe. Yotamu, poti ndi mkamwini, anapatuka n'kuyang'ana pansi, ngakhale apongoziwo sanali kuphethira n'komwe.

Khasu lake linali paphewa. Linalankhula ndi mawu a munthu wamkulu, aulemu, osafulumira.

"Bambo, ndime ndi yanu. Dziko likudikira inu."

"Ndikudziwa," anayankha Yotamu.

"Mukamaliza, mundigogode pa chitsa kuti dothi lichoke, monga mumachitira kumunda. Zikatero zonse ziyenda."

"Ndikudziwanso zimenezo."

Ankadziwadi. Lamulungu lomaliza limene anasewera atatu, Nachisale analozera wozonda wake njira yaitali ya kumpoto, yowoloka mtsinje n'kukalowa mu nkhungu. Lamulo lotere likaperekedwa, munthuyo amangopitiriza yekha ndime iliyonse mpaka akafike. Atatero anapereka kompyuta kwa mwamuna wake, akuti mutu ukumuwawa, akagoneko pang'ono. Fanuwelo anasunga masewerowo pomwe anafika, ali pa ndime ya Yotamu. Nachisale sanadzukenso bwino, ndipo kuyambira pamenepo palibe amene anawatsegula. Yotamu ankadziwa kuti akangomaliza ndime yake, wozonda uja alowa mu nkhungu, ndipo sipadzakhala dzanja lomubweza.

M'masewerowo ndime iliyonse inkapatsa munthu mapazi owerengeka oti ayende, koma mudzi wonse wa m'lingamo unali pa bedi limodzi, choncho kuyendamo sikunkamudyera phazi. Anakwera pamwamba pa mitengo ya linga n'kuyang'ana kumpoto. Kunali kutali kwambiri, koma maso a mbali imodzi anamufikitsa. Tsidya la mtsinje, pa bedi lomaliza la dziko looneka, panaima wozonda wa kathumba kumsana, ndipo wozondayo anali Nachisale mwiniwake. Anavala chitenje chake cha masamba obiriwira, mpango uli kumutu. Nkhungu inaima patsogolo pake ngati khoma lopakidwa laimu, kuchokera pansi kukafika kumene maso amalekezera. Phazi lake lamanja linali m'mwamba, litanyamuka kale, likudikira kuponda.

"Alamu! Tsikani uko, mungagwe, ndiye tidikirenso mpaka mupole."

Anali Fanuwelo, kunja kwa chipata. Anakwera kavalo, koma poti Yotamu anali asanaonepo kavalo ndi maso, kavaloyo anali bulu wamtali ngati mtengo wa bulugama. Kumbuyo kwake kunali asilikali ochepa otsala, omanga nsanza m'mitu, pakuti pa ndime yake yomaliza Fanuwelo anali atathawa kunkhondo kudzapolera pa linga la mlamu wake, monga mwa nthawi zonse. Mayendedwe ake anali atatha. Bulu anali chilili, miyendo ya Fanuwelo itamamatira m'nthiti mwake. Pakamwa pokha ndi pamene panali pamoyo.

"Ndikuganiza, alamu," anatero Yotamu atatsika.

"Kuganiza kwanuko timakudziwa. Tsiku lija batire inatha inu mukusankha pomanga nkhokwe. Bulu wanga wayamba kumera mizu kuno."

"Inu mukadaganizako pang'ono, anthu anuwa bwenzi ali ndi mitu yabwinobwino."

"Koma aona dziko, alamu. Anu aja akudziwa chiyani? Anabadwira kuseri kwa mtengo, adzafera kuseri kwa mtengo womwewo."

Mawu a imfawo atangomutuluka Fanuwelo, onse awiri anayang'ana kumpoto.

"Achemwali anga atopa," anatero Fanuwelo motsitsa mawu. "Kuyambira chilimwe ali pa mwendo umodzi."

"Ndikagogoda khasu, apita."

"Ndiye tikambirane. Si mmene timachitira?"

Ndi mmene ankachitiradi. Anali ndi malamulo awiri, ndipo anawaika ndi Nachisale tsiku limene Fanuwelo anatenga mmisiri wa Yotamu n'kukamuponya kunkhondo, mwiniwake atatuluka kukataya madzi. Loyamba linali loti dzanja lisagwire kompyuta pulani isananenedwe pakamwa, onse akumva. Lachiwiri linali loti munthu asayendetse anthu a mnzake, ngakhale mnzakeyo akulakwitsa poyera.

"Yanga ndi yachidule," anatero Fanuwelo. "Kuthamanga, kuwoloka, kuwakweza pa bulu, kubwera nawo. Koma mapazi anga ndinadya onse."

"Ine ndili nawo ambiri," anatero Yotamu. "Ndime zonsezi sindinayendepo. Ndinkasunga."

Anakwera pa nkhokwe yake yaikulu n'kutukula denga. M'katimo munalibe chimanga. Munali mapazi a munthu, onga amene amatsala pa dothi lonyowa, osanjikizana kuchokera pansi mpaka pakamwa pa nkhokwe. Anapisa dzanja n'kutolapo limodzi, ndipo linafumbutuka m'manja mwake n'kusanduka ufa. Anatolanso lina, n'chimodzimodzi. Anankafumbwe anali mbwee m'katimo, nawonso ataima pa ntchito yawo.

"Pepani, bambo," inatero nkhokwe. "Ndinayesetsa, koma mapazi sindinathe kuwasunga. A ndime iliyonse ankathera pa ndime yomweyo. Abwino ndi a lero okha, ali pamwambawo."

Anali ochepa, okwana m'dzanja limodzi, ofunda ngati mazira ongoikiridwa kumene.

"Andifikitsa pati?"

"Mukadzera pathengo, akufikitsani kudambo. Pa msewu phazi limodzi limapita kutali. Koma mtsinje umameza onse otsala, pokhapokha pakhale mlatho."

"Mitengo ya msewu ndi mlatho ndiipeza kuti? Kudula nkhalango kumadya ndime zambiri."

Yotamu anaika mapazi aja m'thumba la malaya, anabwezera denga bwinobwino, n'kutsika. Anayang'ana linga lake lamkati ndi lakunja, mitengo yosankhidwa, yowongoka, yomangidwa ndi luzi mosasiya mpata woti nkhuku n'kudutsa. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapita pachipata.

"Alamu, pulani yanga nayi. Ndiphwasula linga. Mitengo yake ndiyala msewu mpaka kumtsinje, yotsala ndimanga mlatho."

Fanuwelo anayasama. "Inuyo? Linga limene munkalisisita ngati thole? A mbendera yofiira ali kuseri kwa phiri ilo. Amayi ali pachitsime apo."

"Mudzi muulonda ndinu. Mwaima kale pachipata."

"Ine sindinalondepo ngakhale mbuzi, alamu."

"Ine sindinafikepo ngakhale kudambo."

Fanuwelo anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo inaima pamasaya, osatsika. "Ndavomera," anatero. "Gwirani ntchito. Mukasochera musatchule dzina langa."

Zinthu za mwini ndime zokha ndi zimene zinkamvera. Yotamu anakhudza linga ndi khasu, ndipo mitengo inazuka yokha, umodzi umodzi, mwakachetechete ngati ng'ombe zotuluka m'khola mamawa. Inandondozana kulowera kumpoto, ndipo uliwonse ukafika pamalo pake unkagona pansi pambali pa unzake. Mudzi unatsala pambalambanda. Yotamu anatembenuka uku ndi uku, ndipo anaona kuti thambo limafika pansi mbali zonse, kuti kunja kuli mabedi a nkhalango, a miyala, a mchenga woyera, a chimanga chofika m'mawondo, osawerengeka. Anachita kakasi ngati munthu amene amuchotsera denga ali m'tulo.

Anaponda pa msewu. Phazi limodzi m'thumba linazizira n'kutha, ndipo kuponda kumodziko kunamudutsitsa mabedi ambiri, zulu ndi mitengo zikubwerera m'mbuyo ngati wakwera lole.

Atapitirira dambo analowa m'dziko lotuwa. M'masewerowo, malo amene wozonda anadutsamo n'kuchoka amaonekabe, koma amaoneka mmene analili tsiku limene anadutsalo, otuwa ngati phulusa. Kumeneko kunali zonse zimene Nachisale anaziona n'kuzisiya. Yotamu anaona kanyumba kawo koyamba kaudzu, kamene kanagwa kalekale, kali chiimire, lichero lili pakhonde. Anaona mtengo wa mango umene unadulidwa chaka chowotcha njerwa, ukadali ndi nthambi zake zonse. Anaona mbuzi yawo yamawanga imene inagwidwa ndi fisi, itatambasula khosi kufuna tsamba. Patsogolo pang'ono anadziona iye mwini asanakwatire, ataima pa njira ya kuchigayo, akupukuta nsapato ndi udzu asanakafike kwa ankhoswe. Sankadziwa kuti tsiku limenelo Nachisale anamuona.

Koma akangoponda pa bedi lotuwa, mtundu unkabwerera, ndipo malowo ankaoneka mmene alili tsopano. Kanyumba kanasanduka bwinja lomera chisoso. Mango unasanduka dzenje. Pamene panali mbuzi panatsala chingwe chowola. Yotamu anaima pa mzere wa bedi la wopukuta nsapato uja, mwendo ukukana.

"Kodi palibe njira yolambalala?" anafunsa.

"Msewu mwayala nokha, bambo," linatero khasu. "Wadutsa pomwepa."

Anayang'anitsitsa nkhope yotuwayo, mmene inalili yamantha ndi yosangalala, mpaka anakhutira. Kenako anaponda, ndipo panatsala njira yokha ndi udzu wobiriwira.

Mtsinje unali utaima ngati galasi lokhuthala. Nsomba zinali m'katimo, kukamwa kuli yasa, ndipo tsamba limodzi linali pakati pa nthambi ndi madzi. Mitengo yomaliza ya linga inali itagona kale kuchoka gombe ili kukafika linalo. Anawoloka. Phazi lomaliza linazizira m'thumba atangofika pa bedi loyandikana ndi la mkazi wake, ndipo miyendo yake inauma pomwepo. Pakati pawo panali mzere umodzi. Nachisale anamufulatira, nkhope ili ku nkhungu.

"Mwaswera bwanji, a Nkhoma?" anatero osatembenuka. Ankamuitana ndi mfunda wake chomwecho kuyambira ali pa chitomero.

"Ndaswera bwino, kaya inu, a Nachisale?"

"Ndaswera. Koma mwendowu. Ndamva mapazi pa mitengo. Ndinu ndithu? Mwatuluka m'linga?"

"Linga ndi limene ndayendapoli."

Nachisale anaseka, kuseka kwake komwe kuja kothera m'mphuno. "Nanga mudzi mwasiyira ndani?"

"Alamu."

"Mayo ine. Ndiye amayi atunge msanga."

"Lero akundisudzula," anatero Yotamu.

"Ndamva. Malaya oyera aja mwachapa?"

"Ndachapa."

"Kolala yake imafuna kutikita."

Pamenepo Yotamu anaona kuti kumwamba kuli muvi woyera, womwe uja umayenda pagalasi la kompyuta, koma waukulu ngati denga la tchalitchi. Akasuntha dzanja lamanja, muviwo unkasuntha. Anakweza dzanja, unakwera. Analitsitsa pang'onopang'ono mpaka nsonga ya muvi inalendewera pamwamba pa mpango wa Nachisale, mthunzi wake n'kugwera pa mapewa a mkaziyo.

"Mukagwira, akhala anu," unatero muvi. "Njira yawo ifufutika. Muwalozera kumene mukufuna."

Mawu a Fanuwelo anafika kuchokera kumudzi, omveka ngati ali naye pa benchi. "Alamu, ine ndayang'ana kumbali. Sindikuona kanthu. Agwireni, mubwere nawo."

Chala cha Yotamu chinayamba kupinda chokha. Koma pakamwa pake panali patazolowera, ndipo panatsogola.

"Sitinakambirane," anatero. "A Nachisale, pulani yanu ndi yotani?"

"Mwafunsa bwino. Yanga ndi yomwe ija: ndikufuna ndione kuti kutsogoloku kuli chiyani. Fanuwelo akhale pamudzi, aphunzire kudikira. Inu mwayamba msewu, musabwererenso ku malinga. Ndipo denga la amayi likudontha. Mulifolere musanachoke."

"Simukuopa?"

"Ndinaopapo liti nkhungu ine? Chandivuta n'kuima."

"Nanga ndikakugwirani?"

"Nditembenuka. Ndiyenda kumene mwaloza, ndikaima pamene mwandiimika. Ndime iliyonse muzindiyendetsa ndinu. Koma sindidzakuuzaninso kuti apa mwalakwitsa, ndipo sindidzapeza kanthu kamene inu simunakaganize."

Yotamu anayang'ana phazi lili m'mwambalo. Linali lotupa m'kakolo, ndipo kuchidendene kunali ming'alu yomwe ija mwiniwake ankaipaka mafuta akamaliza kusamba. Anatsitsa dzanja n'kuliika kumbuyo. Muvi unakwera, unachepa, n'kukhala ngati kakowa wouluka patali.

"Alamu," anaitana, "pulani mwaimva?"



"Ndaimva," anatero Fanuwelo. "Ndavomera."

"Inenso ndavomera."

Pafupi ndi mwendo wake panali chitsa cha msuku. Yotamu anatsitsa khasu paphewa n'kuligogoda kamodzi.

Dothi linagwa, ndipo dziko lonse linapuma mpweya. Mtsinje unabangula pansi pa mlatho. Tsamba linafika pamadzi n'kutengedwa. Kutali khwangwala analira n'kupitiriza ulendo wake, utsi unapindika, ndipo madzi a apongozi anagwera mu ndowa ndi phokoso lomveka mpaka kumeneko. Chimanga cha m'mabedi onse chinakula kamodzi ndi mkokomo ngati wa mvula yobwera. Bulu analira. Pamwamba pa phiri panatulukira mbendera zofiira. Yotamu sakanatha kusuntha ngakhale chala, pakuti ndime sinalinso yake. Ankangopenya.

Nachisale anaponda.

Nkhungu inang'ambika patsogolo pake ngati nsalu yakale, ndipo poti maso awo anali amodzi, Yotamu anaona zimene mkazi wake ankaona. Kumeneko kunalibe mizere. Dziko linangotambalala, lopanda mabedi, lopanda malire, ndipo palibe chimene chinkadikira chinzake. Mapiri ankayenda pang'onopang'ono ngati ng'ombe zikudya msipu. Mitsinje inkakwera zitunda n'kutsikira kuseri, yodzaza kuwala m'malo mwa madzi. M'munda umodzi chimanga china chinkamera, china chikuchita ngayaye, china chikuuma, ndipo mbalame zinkadya pamodzi ndi okolola popanda wozipirikitsa. Thambo linali pafupi kwambiri, moti mitengo yaitali ikagwedezeka inkalikanda n'kusiyamo tinjira. Anthu anali ambiri ngati thonje m'munda, onse akuyenda, ndipo panalibe wothamanga kapena wotsalira. Yotamu anafuna kugwada, koma mawondo ake anali a dziko lino, ndipo anamukanira.

M'khamulo munatuluka bambo wopendekera phewa limodzi, ndipo Yotamu anawazindikira. Anali malemu a Chisale, apongozi ake aamuna. Anafika atatambasula manja awiri, monga amachitira anthu polandira mlendo katundu, n'kutula kathumba kumsana kwa mwana wawo. Nachisale anawongoka. Anapondaponda ndi mwendo uja ngati munthu woyesa nsapato zatsopano pamsika.

Kenako anatembenuka. Yotamu anaona nkhope yake, ndipo nthawi yomweyo, ndi maso a mkaziyo, anadziona yekha: bambo wowonda ataima pamutu pa mlatho, khasu m'manja, mabatani a malaya atasemphana. Kumbuyo kwake msewu unatambalala mpaka ku mudzi wopanda linga, kumene munthu mmodzi pa bulu anaima moyang'anana ndi phiri lofiira mbendera.

"Mwaona?" anatero Nachisale. "Uyo sangathe yekha. Maso anga ndikutenga tsopano."

"Ndisiyireniko limodzi."

"Mungamapunthwe, a Nkhoma. Muzidzayang'ana kuno, khasu n'kukutemani phazi."

Ananyonyomala pang'ono n'kuomba m'manja mwaulemu, monga ankachitira pomulandira akachokera kumunda.

"Ndakusudzulani ine," anatero. "Akuluakuluwo angobwereza. Tsalani bwino."

"Pitani bwino, a Nachisale."

Nkhungu inalumikizana pang'onopang'ono, kuyambira kumwamba kutsikira pansi, osasiya msoko. Yotamu anatsala ndi maso ake awiri, ndipo anaona udzu, mtsinje, ndi nyerere ikukwera mpini wa khasu. M'thumba la malaya munayamba kufunda.

"Alamu. Alamu!"

Fanuwelo ankamugwedeza chala chakuphazi. Dzuwa linali litapendeka, mthunzi wa ngolo utamuchokera. Kubwalo kunkamveka mikeka ikuyalidwa ndi mawu a amalume ake akupereka moni.

"Afika anthu anu, akhala kale pansi. Ndikawauze kuti mukuganiza?"

Yotamu anadzuka n'kukhala tsonga. Miyendo inkamuwawa ngati ya munthu wochokera kutali. Anamuyang'ana mlamu wakeyo nthawi yaitali.

"Achemwali anu ndawaona," anatero. "Aponda pansi."

Fanuwelo anatsegula pakamwa kuti aseke, koma sanaseke. Anavula chipewa, anakhala pa mtanda wa ngolo, n'kuyang'ana pansi. Yotamu anaimirira, anasasa fumbi pa buluku, n'kuyamba kulowera kubwalo. Atafika pangodya ya khola anaima, nadikira mpaka mlamu wake anapukuta m'maso n'kumupeza.